Mwana wanga amangokhalira kuphwanya manambala: kodi zidzamudyetsa?

Mayi wina wa ku Matero, muno mu Lusaka, wandilembera kuti mwana wake wa giredi 11 amadzaza mabuku ndi manambala aakulu, n'kumafufuza ngati ndi ma prime (manambala ogawika ndi 1 ndi iwo okha basi) kapena ayi. Akuti aphunzitsi amamuyamikira, koma iwo akuopa kuti n'kutaya nthawi.

Mayi, musamulande bukulo. Koma muyeseni kaye, chifukwa kuloweza n'kosiyana ndi kumvetsa. Mupatseni 752,752 popanda kakyuleta. Mwana wongoloweza adzati ndi nambala ya even (yogawika ndi 2), n'kuthera pomwepo. Womvetsa adzaona kuti 752 wabwerezedwa, ndiye kuti nambalayo ndi 752 kuchulukitsa ndi 1,001. Ndipo 1,001 ndi 7 × 11 × 13, pamene 752 ndi 16 × 47. Akafika apo angathe kukuuzani kuti nambalayi ili ndi ma factor 80 (manambala oigawa popanda chotsala), osawalemba onse. Kenako mupatseni 1,000,003. Imeneyi ndi prime, imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, ndipo kuti atsimikize safunika kuyesa manambala miliyoni: ayese ma prime osapitirira 1,000, omwe alipo 168 okha. Akakufotokozerani chifukwa chake amalekezera pa 1,000, dziwani kuti mutu ulipo.

Za kudyetsa: inde. Kuchulukitsa ma prime awiri aakulu n'kosavuta, koma kupatsidwa yankho lokha kuti upeze awiriwo n'kovuta ngakhale kwa kompyuta. Pamenepo ndi pamene padamangidwa njira yobisira uthenga ya RSA, ya mu 1977, yomwe imathandiza kuteteza zambiri za pa intaneti. Makiyi ake ambiri lero ndi manambala a madijiti 617. Mabanki ndi makampani a foni amalemba anthu omvetsa zoterezi, ndipo a inshuwalansi ndi a Zambia Statistics Agency nawonso amadalira odziwa masamu.

Komabe ndisakunamizeni, palibe ofesi muno mu Lusaka imene idzamulipira chifukwa chosaka ma prime. Prime yaikulu imene idapezeka mu 2024 ili ndi madijiti oposa 41 miliyoni, ndipo adaipeza ndi makompyuta ambiri ogwirira pamodzi. Chimene mabwana amagula ndi luso loganiza mwadongosolo, lophatikiza ndi kulemba mapulogalamu. Choncho ayambe kuphunzira Python, chinenero chaulere cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo pulogalamu yake yoyamba ikhale yophwanya manambala omwewa.

Kusukulu, ngati pali Additional Mathematics ndipo mwayi udakalipo, atenge. Akamaliza ayang'ane maphunziro a masamu ku University of Zambia (UNZA), kapena Copperbelt University ku Kitwe. Chimene chingagwetse mwana wotere pa mayeso a ECZ (bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia) ndi Chingerezi, ngati achinyozera, pamene mayunivesite amafuna kuti achikhoze bwino. Muuzeni kuti pa maola awiri aliwonse a masamu, limodzi lotsatira likhale lolemba nkhani ndi kuwerenga, ndipo mudziona nokha bukulo Lamlungu lililonse.