Kodi manotsi okha angakwanire pokonzekera sewero la Macbeth?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo yochokera kwa mtsikana wina wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE. Iye akudandaula kuti sewero la Macbeth lamukanika chifukwa Chingerezi chake n'chachikale, moti akawerenga tsamba limodzi mutu umayamba kuwawa, ndipo akufunsa ngati angangoloweza manotsi amene anzake akugawana pa WhatsApp n'kulisiya bukulo.

Mwana wanga, kuvutika kwako sikukundidabwitsa, pakuti William Shakespeare analemba seweroli cha m'ma 1606, ndipo ngakhale ana obadwira ku England amafuna wowamasulira mawu ambiri a m'menemo. Komabe ndikukupempha kuti bukulo usalitaye. Manotsi amangokuuza zimene zinachitika, pamene wochonga mayeso amafuna kuona ngati ukudziwa chimene chinachititsa, komanso ngati ungaloze umboni wake m'bukumo.

Titenge nkhani ya afiti atatu aja. Pa zaka zimene ndaphunzitsa seweroli, yankho limene ndakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti afiti anamulodza Macbeth kuti aphe mfumu Duncan. Ophunzirawo sindiwaimba mlandu, chifukwa kwathu kuno mawu oti mfiti akangotchulidwa maganizo amathamangira ku kulodza. Koma tsegula gawo loyamba, chigawo chachitatu, uwerenge mofatsa. Afitiwo akungomulonjera ndi maudindo atatu: wolamulira dera la Glamis umene anali nawo kale, wolamulira dera la Cawdor umene anali asanamve kuti wapatsidwa, ndi ufumu wam'tsogolo. Palibe pamene akutchula zopha munthu. Ganizo lakupha likubadwa mumtima mwa Macbeth mwiniwake atangomva kuti za Cawdor zapherezera. Banquo, msilikali mnzake wa Macbeth, anali pomwepo, ndipo naye anauzidwa kuti zidzukulu zake zidzakhala mafumu, koma sanatole mpeni.

Ukafika chigawo chachisanu ndi chiwiri, umupeza Macbeth ali yekha, akuwerengetsera zifukwa zomuletsa kuchita chiwembucho: Duncan ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndiponso ndi mlendo amene wadzagona m'nyumba mwake. Iwe ukudziwa ulemu umene mlendo amalandira pakhomo, kotero kulemera kwa mlanduwu sikufunika kukufotokozera. Macbeth akufika pouza mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pomwepo, ndipo akutembenuka pokhapokha mayiyo atamunyoza kuti si mwamuna. Munthu wolodzedwa sakhala pansi n'kumadzitsutsa motere. Wophunzira amene wawerenga zigawo ziwirizi ndi maso ake angathe kuyankha funso lokhudza dyera, la mphamvu ya Lady Macbeth pa mwamuna wake, ngakhale la kusiyana kwa Macbeth ndi Banquo, pamene woloweza manotsi amasowa pogwira funso likangotembenuzidwa pang'ono.

Mbiri nayo imathandiza, bola isalowe m'malo mwa sewero. Mfumu James ya ku Scotland inalowanso ufumu wa England mu 1603, inkadzitenga kuti ndi ya mbumba ya Banquo, ndipo mu 1597 inali itatulutsa buku lonena za ufiti. Ukadziwa zimenezi, sudabwa kuona Banquo akuonetsedwa ngati munthu wa manja oyera. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, koma m'mayeso uzilemba za Macbeth wam'sewero.

Tsono nayi njira yolimbanirana ndi Chingerezicho. Sewero analilemba kuti liseweredwe, choncho pezanani anthu anayi kapena asanu, mugawane atengambali, muziwerenga mokweza. Mukamaliza chigawo, tsekani buku, mmodzi afotokoze m'Chichewa zimene zachitika, ena amukonze pamene walumpha, kenaka aliyense alembe ziganizo zitatu m'Chingerezi chake. Usaime pa liwu lililonse lachilendo. Funsa kaye kuti akuyankhula ndani, akufuna chiyani, ndipo akubisa chiyani. Magawo alipo asanu okha, ndipo mukamatha gawo limodzi pa masiku atatu mudzalimaliza lonse m'masiku 15.

Powerengapo, sankha chinthu chimodzi choti uzichilondola ngati mapazi a nyama, ndipo ine ndimakonda magazi. M'gawo lachiwiri, Duncan atangophedwa, Macbeth akuyang'ana manja ake n'kunena kuti ngakhale nyanja yonse singawayeretse, pamene mkazi wake akuti timadzi tochepa tikwanira. M'gawo lachisanu, mayi yemweyo akuyenda ali m'tulo, akupukuta manja mosalekeza, akumvabe fungo la magazi, dokotala ndi mdzakazi akumuonerera. Ukaika malo awiriwa pamodzi, chimangirizo chonena za chikumbumtima chayamba kale kuoneka. Mizere yoloweza ikhale yochepa ndi yaifupi, ndipo uzidziwa amene anainena ndi nthawi imene anainena.

Manotsi a pa WhatsApp aja uwatsegule pambuyo pake, kuti uone ngati pali chimene unaphonya, ndipo pamene akusemphana ndi buku ukhulupirire buku. Mafunso akale a MANEB uwayankhe utatseka zonse, wotchi ili patebulo, kenaka upereke kwa aphunzitsi ako akuchongere. Madzulo ano yamba ndi gawo loyamba, chigawo chachitatu, ndipo ukapeza mzere umene Macbeth akutchula koyamba za kupha, undilembere kuti wamutuma ndani.