Mnyamata wathamanga masekondi 13, taima ikuti 52

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amaphunzitsa anyamata othamanga. Akuti amawajambula pa foni akamathamanga mamita 100, ndiye amafuna vidiyoyo iziyenda pang'onopang'ono kuti aziona mmene phazi likupondera, komanso pakona pazioneka taima yowerenga masekondi. Atayesa, mnyamata wothamanga masekondi 13 taima ikumupatsa 52, chithunzinso chikungododomadodoma.

Achimwene, taimayo siinaname ayi, inuyo munayamba kuchedwetsa vidiyo kenako nkuika taima pamwamba. Taima sidziwa kuti mwachedwetsa, imangowerenga nthawi imene vidiyo ikuseweredwa basi, ndiye poti munachedwetsa kanayi, 13 uja wasanduka 52. Tembenuzani ndondomekoyo. Dulani kaye vidiyo kuti iyambire pa fulemu (chimodzi mwa zithunzi zotsatizana zomwe zimapanga vidiyo) yomwe wezulo yalira, ikani taima vidiyo ikadali pa sipidi yake yeniyeni, iseveni ngati fayilo yatsopano, ndiye fayilo yatsopanoyo ndi imene muichedwetse. Apa manambala aja amakhala amatirira pachithunzi, amachedwa limodzi ndi miyendo ya mnyamatayo. Mu Shotcut, yomwe ndi pulogalamu yaulere yokonzera mavidiyo, muli fyuluta yotchedwa Timer, ndipo sipidi mumasintha ku Properties. Amene mumakonda pulogalamu ya ffmpeg nkhani ndi yomweyo, drawtext yolemba taima ikhale patsogolo, setpts=4*PTS yochedwetsa kanayi ibwere pambuyo. Chenjerani poseva koyambako, ngati munajambula pa 120 fps (mafulemu 120 pa sekondi) fayiloyo itulukenso pa 120, ikatsikira pa 30 ndiye kuti mafulemu atatu mwa anayi aliwonse mwataya musanayambe nkomwe.

Zododomazo gwero lake ndi pojambula. Mafoni ambiri amajambula mafulemu 30 pa sekondi ukapanda kusintha, ndiye mukachedwetsa kanayi mumatsala ndi osakwana 8 pa sekondi, diso limaona zithunzi zikudumpha chimodzichimodzi. Mukajambula pa 60 mutha kuchedwetsa kawiri zikuoneka bwinobwino, pa 120 kanayi, pa 240 mpaka ka 8. Mapulogalamu ngati DaVinci Resolve ali ndi Optical Flow yomwe imapeka mafulemu apakati, pa vidiyo yongosangalatsa anthu zimakongola ndithu koma ine pa ntchito yanuyi sindingakulimbikitseni, nthawi zina mwendo umaoneka ngati wasungunuka ndipo mukhala mukuyeza fulemu yomwe kamera siinajambule. Komanso 240 imafuna kuwala kwambiri, jambulani panja masana, pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethiraphethira.

Pali kamsampha kena. Mafoni ena mukajambula pa slow motion amasunga fayilo itachedwetsedwa kale, ndiye njira yanga ija siigwira chifukwa sipidi yeniyeni palibepo. Onani kutalika kwa fayiloyo, ngati munajambula masekondi 15 koma ikuonetsa miniti yathunthu, dziwani kuti yachedwa kale kanayi, apo taima iyenera kuyenda pa kota ya sipidi yake. Ena amachedwetsa pakati pokha, koyambirira ndi kothera nkusiya mmene zinalili, amenewo ndiye mutu umapweteka, bola kusankha 60 kapena 120 pa vidiyo wamba ngati foni yanu ikulola.

Za manambala a pambuyo pa dontho, musatengeke nawo. Pa 30 fps fulemu imodzi ndi pafupifupi 0.033 ya sekondi, pa 120 ndi 0.008, choncho taima yolemba 13.247 pa vidiyo ya 30 ikungodzikometsera, manambala awiri akukwana. Mawu ingozimitsani, akachedwetsedwa amamveka ngati ng'ombe ikulira m'chitsime.

Ine ndikanati tsiku loyamba muimike stopwatch ikuyenda pomwe kamera ikuiona, mujambule masekondi 20, mupange zonse zija, kenako muone ngati taima yanu ikugwirizana ndi wotchiyo kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Zikamasiyana pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi chifukwa foni imasinthasintha fps ili mkati mojambula, ndiye vidiyoyo idutsitseni kaye mu pulogalamu ya HandBrake musankhe Constant Framerate, muyambirenso.