Mawu akuti spectrum: yambani ndi beseni la madzi

Aphunzitsi, mwati ana anu apeza mawu akuti spectrum m'buku la fizikisi, ena awamvanso pa wailesi pa nkhani ya MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, ndiye mukufunsa ngati mungowauza kuti ndi utawaleza basi. Ine ndikuti musayambire pamenepo. Utawaleza ndi chitsanzo chimodzi chabe, ndipo mwana amene wagwira chokhacho adzasokonezeka tsiku lomwe adzamve adokotala akunena za mankhwala a broad-spectrum.

Mawuwa ndi a Chilatini. Anachokera ku mneni specere, kutanthauza kuyang'ana, ndipo spectrum chinali chinthu chooneka pamaso, chithunzithunzi. Polowa m'Chingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 ankatanthauza mzukwa. Mawu a spectre, spectator, inspect ndi spectacles onse ndi a m'mimba imodzi ndi iwowa.

Amene anawapatsa tanthauzo la mitundu ya kuwala ndi Isaac Newton. Anatseka chipinda kuti mukhale mdima, n'kuboola kabowo pa chotsekera zenera, kenako kuwala kwa dzuwa kolowera pamenepo anakudutsitsa m'galasi la mbali zitatu lija lotchedwa prism. Pakhoma sipanaoneke kadontho kozungulira monga ankayembekezera. Panaoneka chinthu chachitali chamawangamawanga, mulitali mwake pafupifupi kasanu kuposa mulifupi. Chithunzi chimenechi anachitcha spectrum m'kalata imene bungwe la Royal Society la ku London linasindikiza mu 1672, ndipo nkhaniyi anaifotokozanso mokwanira m'buku lake la Opticks mu 1704.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti muchedwepo ndi anawo. Poyamba Newton ankawerenga mitundu isanu: wofiira, wachikasu, wobiriwira, wabuluu ndi vayoleti. Olenji ndi indigo anaziwonjezera pambuyo pake, pofuna kuti chiwerengero chifike 7 ngati manotsi a nyimbo. Ndiye kuti malire a mitunduyo anawaika ndi munthu. Kuwalako kulibe mizere yodula. Wofiira amangosungunukira mu olenji, olenji mu wachikasu, pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Ana athu izi sizingawavute kumva, chifukwa agogo awo amati masamba ndi obiriwira, thambo nalonso ndi lobiriwira, pomwe Mngelezi amagawa pawiri. Mwana akamvetsa kuti spectrum ndi mndandanda wa zinthu zosinthasintha popanda malire enieni, matanthauzo ena onse amabwera okha.

Mu 1800 William Herschel anaika thermometer, choyezera kutentha, kupitirira mtundu wofiira wa spectrum, pamalo posaoneka kanthu, ndipo inakwera. Chaka chotsatira Johann Ritter anapezanso kuwala kosaoneka kuseri kwa vayoleti. Kuyambira pamenepo mawuwa anayamba kunyamula ndi zimene maso saona, mpaka mafunde a wailesi ndi a foni. Amenewa ndiwo MACRA imagawira nyumba zoulutsira mawu ndi makampani a mafoni kuti asalowererane. Mankhwala a broad-spectrum ndi opha tizilombo ta mitundu yambiri. Akamati autism spectrum, ponena za ana amene ubongo wawo umakula mosiyana ndi ena moti kulankhulana ndi kucheza ndi anzawo kumawavuta, akutanthauza kuti ana oterowo sali chimodzimodzi: wina amafuna chithandizo chambiri tsiku ndi tsiku, wina chochepa. Mawu amenewo muwatchule mwaulemu m'kalasi, chifukwa pangakhale mwana amene nkhaniyi ili kwawo.

Ngati pasukulu panu palibe prism, musadandaule. Tengani beseni, muthiremo madzi, muikemo kagalasi kodziyang'anira kopendekeka, theka m'madzi theka kunja, koloza dzuwa. Chitani cham'mawa dzuwa lisanakwere kwambiri, pafupi ndi khoma loyera lomwe lili pamthunzi. Madzi akadekha mitundu imaoneka pakhomapo, ndipo wina akagwedeza beseni imabalalika n'kubwereranso. Muwachenjeze asawalitsirane m'maso. Kenako muwapatse choko, aliyense alembe pamene akuona kuti wobiriwira wathera ndipo wabuluu wayambira. Sadzagwirizana, ndipo mkangano umenewo muulole upitirire mphindi zingapo musanalembe mawu akuti spectrum pabolodi.

Pa chiyambi cha mawu ena a Chingerezi, Online Etymology Dictionary ndi yaulere ndipo imatseguka bwino pafoni. Muwakumbutsenso kuti ma spectrum akakhala ambiri, m'mabuku a sayansi amalemba spectra.