Diramu ya makina oumitsira zovala yasintha mtundu ndipo ikununkha: mungatani?

Mayi wina watilembera imelo kuti: "Mkati mwa makina anga oumitsira zovala munali moyera, koma pano mwachita buluu, ndipo zovala zikumatuluka zikununkha chuku ngakhale ndazichapa bwino. Ndapukutamo kangapo koma sizikusintha. Nditsuke ndi chiyani, kapena makinawa atha ntchito?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Makinawo sanathe ntchito ayi. Mtundu ndi fungo ndi mavuto awiri osiyana, ndipo lofunika kulithamangira ndi fungolo, chifukwa kawirikawiri silichokera mu diramu mmene mukupukutamo. Limachokera m'njira imene mpweya umadutsa.

Musanagwire chilichonse, zulani pulagi pasoketi. Ngati makina anu ndi a gasi, tsekaninso gasiyo.

Tiyambe ndi mtunduwo. Buluu ameneyo nthawi zambiri ndi utoto wa majinzi ndi zovala zina zakuda, umene umalowerera mu penti ya diramu ikatentha. Nyowetsani kansalu koyera n'kukwecha mwamphamvu pamalo amodzi. Kakatuluka koyera, utotowo wakhazikika ndipo sungadetse zovala zanu, ndiye musavutike nawo. Kakadetsedwa, tsukani. Thirani supuni imodzi ya sopo wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi ofunda, muviike nsalu, muifinye kwambiri, n'kumapukuta uku mukuzunguza diramu ndi dzanja. Musaiwale m'mbali mwa zipsepse zimene zimatembenuza zovala, chifukwa litsiro limabisala mmenemo. Osakhuthulira madzi mkati, pakuti amadutsa m'timabowo n'kukafika pa mawaya. Pamene pakanirira, sakanizani masupuni 3 a soda wophikira ndi supuni imodzi ya madzi, mupake, mudikire mphindi 15, kenako mukweche ndi siponji yofewa. Waya wokwechera mapoto musamuyandikitse: amakanda penti, ndipo pokandikapo ndi pamene dzimbiri limayambira.

Chingamu, kandulo ndi makrayoni zimachoka bwino zikafewa. Yatsani makina opanda zovala kwa mphindi 10, muzimitse, muzulenso pulagi, n'kupala ndi khadi lakale la pulasitiki. Inki imachoka ndi sipiriti wothira pakansalu, koma sipiriti amayaka msanga, choncho diramu ikhale yozizira, mutsukepo ndi sopo mukatha, ndipo chitseko chikhale chotsegula kwa ola lathunthu musanayatse. M'makina a gasi, ife timati musamugwiritse ntchito n'komwe. Bleach, mankhwala amadzi oyeretsera zovala aja, sitikulimbikitsa, chifukwa amadya diramu yachitsulo chonyezimira, ndipo akasakanikirana ndi viniga amatulutsa mpweya wa klorini, womwe ndi poizoni.

Mtundu umene uyenera kukudetsani nkhawa ndi wofiirira. Ngati pakukhakhala, ndi dzimbiri, ndipo limadetsadi zovala. Pamafunika kupala ndi sandipepa wosalala n'kupakapo penti yopirira kutentha yopangidwira makina otere. Ngati pakuoneka ngati pawauka, makamaka kumbuyo kumene mpweya wotentha umalowera, ndiye kuti makina akutentha mopitirira muyezo chifukwa mpweya ukusowa potulukira.

Apa ndi pamene tafika pa fungo. Ntchito ya makinawa ndi kutulutsa chinyezi kunja. Njira ikatsekeka, chinyezicho chimakhalira mu tiubweya tochoka ku zovala, chuku n'kumera, ndipo nthawi iliyonse mukayatsa, fungolo limabwerera ku zovala. Mutha kupukuta diramu mpaka kuwala, koma fungo silingathe.

Tulutsani sefa yokola tiubweya, muchotse tiubweyato, kenako muthirepo madzi pang'ono. Madziwo akaima osadutsa, sefayo yamatidwa ndi mafuta a mankhwala ofewetsera zovala, omwe saoneka ndi maso. Itsukeni ndi madzi ofunda, sopo ndi burashi yofewa, ndipo iume kaye musanaibwezeretse. Suzumirani ndi tochi m'bowo mmene sefa imalowa. Anthu ambiri safikamo, koma ndi mmene mumadzaza tiubweya tonyowa. Kokani ndi burashi yaitali kapena makina opopera fumbi. Pukutaninso labala wa pachitseko ndi viniga wosakaniza ndi madzi, kapu imodzi kwa kapu imodzi.

Ngati makina anu ali ndi paipi yotulutsira mpweya kunja, yomwe nthawi zambiri imakhala ya masentimita 10 m'mimba mwake, imasuleni kumbuyo n'kuiyeretsa kuchokera mbali zonse ziwiri. Onani ngati yapindika, yapsinjika ndi khoma kapena yagwa pakati n'kusunga madzi. Paipi yachitsulo yosalala ndi yabwino kuposa yapulasitiki yamakwinya, chifukwa makwinyawo amakola tiubweya. Mukabwezeretsa, yatsani makina mupite panja: kachitseko ka potulukira kazitseguka ndipo mpweya uziwomba mwamphamvu padzanja. Chitani zimenezi kamodzi pachaka, chifukwa tiubweya touma timagwira moto mosavuta. Makina opanda paipi, osunga madzi muthanki, amafuna kukhuthula thankiyo mukangomaliza kuumitsa. Pansi pa makinawo pali kachitseko kobisa sefa yachiwiri kapena condenser (chipangizo chosandutsa nthunzi kukhala madzi), ndipo buku la makina anu likuuzani ngati imasololedwa n'kutsukidwa pampopi kapena imangofuna burashi.

Mukatha zonsezi, nyowetsani mathaulo akale oyera awiri kapena atatu, muwafinye, n'kuwaumitsa kwa mphindi 20. Akatuluka oyera ndi opanda fungo, mutha kuikamo zovala. Chitseko muzichisiya chotsegula pang'ono, ndipo zovala zonyowa zisamagone mkati. Fungo likapitirira, nunkhizani zovala zikangotuluka m'makina ochapira, chifukwa nthawi zina chuku chimakhala kumeneko, makina oumitsirawa n'kumangochikoleza ndi kutentha.

Pali mafungo awiri amene simuyenera kulimbana nawo nokha. Fungo la labala kapena waya wopsa limasonyeza kuti lamba wozunguza diramu akutsetsereka, mota yatopa, kapena tiubweya tafika pa chotenthetsera: zimitsani, muzule pulagi, muitane mmisiri. Fungo la mazira owola pa makina a gasi lingatanthauze kuti gasi akutuluka. Pamenepo musayatse kapena kuzimitsa switchi iliyonse, musakhudzenso pulagi. Tsekani gasi, tsegulani mawindo, tulukani m'nyumba, ndipo muimbire katswiri wa gasi muli panja.