Musagule makinawo, yambani mwawerengera matani

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwapata ntchito yoyala mapaipi a madzi mtunda wa makilomita 9, a pulasitiki ya HDPE, a mamilimita 315, PN16 (kutanthauza opirira puresha ya ma bar 16), kutali ndi fakitale. Ndiye wina wakuuzani kuti kuli makina oyenda nawo m'makontena amene amapangira paipi pamalo pomwepo, yaitali yopanda mfundo zolumikizira, ndipo mukufunsa ngati n'chanzeru kugula. Ine ndikuti musagule. Kuchita hayala pamodzi ndi eni ake odziwa kuwayendetsa, chimenecho tingakambirane, koma nachonso muyambe mwakhala pansi ndi cholembera.

Makinawo alipodi, munthuyo sanakunamizeni. Kampani ya Tubi ya ku Australia ndi imodzi mwa zodziwika pa ntchito imeneyi, ndipo yagwirapo ntchito ngakhale ku United States. Chimene amabweretsa ndi fakitale yeniyeni, kungoti yolongedzedwa. Timibulu takuda ta pulasitiki ya HDPE timayamba taumitsidwa, kenako timalowa mu extruder, momwe mzati wachitsulo wamazinga umatikankha kwinaku tikusungunuka pa kutentha kwa madigiri 200 kapena kuposerapo pang'ono. Zosungunukazo zimatulukira m'chikombole zili zofewa, n'kulowa m'thanki yokoka mpweya imene imaigwira paipiyo kuti isaphwe ndiponso ikhale yobulungira pa muyezo wake. Ikachoka apo imadutsa m'mathanki angapo oiwaza madzi ozizira, kutsogolo kuli malamba oikoka mosadukiza. Mukaima pambali n'kuiyang'ana mumaona ngati yangoima. Muyenera kulemba kachizindikiro ndi choko kuti muone kuti ikuyenda.

Kuchedwa kumeneku tikuwerengere. Paipi yanu ya PN16 ikakhala ya PE100, mtundu wolimba wa HDPE, ndiye kuti ndi SDR 11 (kukula kwa paipi kugawa ndi kukhuthala kwa khoma), khoma lake lokhuthala mamilimita 28.6, ndipo mita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 25. Makilomita 9 ndi matani ngati 225. Makina otulutsa makilogalamu 500 pa ola akupatsani mamita 20 pa ola, choncho ntchito yonse itha m'masabata osakwana atatu ngati akuyenda usana ndi usiku. Akakhala akuluakulu kuposa pamenepo, itha msanga. Nanga akatha masabata atatuwo, fakitale yanuyo idzadya chiyani? Anthu amene amapindula ndi makina otere ndi amene ali ndi ntchito zotsatizana, za m'migodi, za minda ikuluikulu yothirira, za mafuta ndi gasi, moti akamaliza apa amapakira n'kukatsitsa kwina. Inu muli ndi ntchito imodzi. Mukagula, ndalama zanu zigona m'kontena kudikira dzimbiri.

Ogulitsa amakonda kunena za mayendedwe, eti paipi mkati mwake ndi mphako, ndiye malole amangonyamula mphepo. N'zoona, koma zimatengera kukula kwa paipiyo. Ya mamilimita 1,000, lole imodzi imanyamula zinayi zokha, ndipo pamenepo kubweretsa timibulu m'matumba n'kupangira pamalo kumapulumutsadi ndalama zambiri. Yanuyi ya 315 imalowa yambiri, mapaipi a mamita 12 oposa 40 pa lole. Mukufuna mapaipi 750, ndiye kuti maulendo osafika 20. Timibulu ta matani 225 natonso tifuna malole 8 kapena 9, kuwonjezapo onyamula makinawo pobwera ndi pobwerera, kireni yotsitsira, jenereta. Mukachotsera zonsezi, zotsala si zoti munthu n'kudzitama nazo.

Phindu lenileni lili pa mfundo. Mapaipi 750 ndiye kuti kuwotcherera ka 750. Mfundo iliyonse mupale mbali zonse ziwiri, muyang'ane ngati zalunjikana, muike mbale yotentha, mukanikize, kenako mudikire. Pa khoma lokhuthala choncho kudikira kuti pazizire kokha kumaposa theka la ola, ndipo simungakufupikitse pothira madzi, ngakhale anyamata amayesa mukangotembenuka. Tinene kuti mfundo imodzi ndi ola. Makina amodzi owotcherera akutengerani miyezi ngati itatu. Paipi ikamatuluka ya mamita 150, mfundo zimatsika n'kufika pa 60. Apa mpamene pamakopa anthu, inenso sindikana kuti m'pokoma. Komatu mfundo yowotcherera bwino, potsatira muyezo wa kawotchereredwe wa ISO 21307, imalimba ngati paipi yomweyo. Ngati vuto lanu ndi nthawi, makina atatu owotcherera ndi amisiri atatu a satifiketi amathetsa nkhani pa mtengo wochepa kwambiri kuposa fakitale yoyenda.

Tsopano zimene sizilembedwa pa kabuku kotsatsa malonda. Extruder safuna kuzimitsidwazimitsidwa. Magetsi akathima mphindi zochepa chabe, paipi yonse imene ili m'mathanki yawonongeka, ndipo kuyambanso kumatenga maola, mamita oyambirira n'kukhala otaya mpaka khoma litakhazikika. Ndiye pafunika jenereta yaikulu ya makilowati mazana angapo, ina yodikirira pambali, dizilo wosatha, ndi anthu a mashifiti atatu. Pafunika madzi oyera ozizira ndi makina owaziziritsa, chifukwa madzi akafunda paipi imatuluka yopindika kapena yosabulungira. Pafunika malo osalazidwa bwino, pakuti mzere wonse wa makinawo ndi mamita makumi angapo ndipo uyenera kukhala wowongoka. Timibulu takuda timakoka chinyezi. Matumba akagona panja usiku kapena mvula ikawawaza, chinyezicho chimasanduka timabowo m'kati mwa khoma la paipi, tosaoneka ndi maso, todzaonekera paipi itakwiriridwa kale.

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mukagula paipi ku fakitale, ikaphulika muli ndi woti mumugwire. Mukapanga nokha, wopanga ndinu, woyala ndinu, woyankha mlandu ndinu. Injiniya wa mwini ntchito sadzalandira paipi chifukwa yaoneka yosalala. Adzafuna umboni woti ikugwirizana ndi miyezo ya mapaipi a madzi ya ISO 4427 kapena EN 12201: kaboni wakuda woiteteza ku dzuwa akhale pakati pa 2 ndi 2.5 peresenti, khoma lisaperewere pena paliponse, ndipo zidutswa ziyesedwe m'labotale. Kuyesa kwina, chidutswa chimakhala ndi puresha m'madzi a madigiri 80 kwa maola 165, pafupifupi sabata yathunthu. Kwina ndi kwa maola 1,000. Taganizani, pofika tsiku limene zotsatira za maola 165 zikutuluka, makina aja atulutsa kale makilomita atatu. Zikalephera, mukumba zonsezo? Eni makina odziwa ntchito amayenda ndi labotale yawo m'kontena ina, ndiponso kachipangizo koyeza khoma paipi ikamadutsa. Amene alibe zimenezi musamamvere n'komwe, ngakhale atatsitsa mtengo motani.

Paipi yaitali ilinso ndi makhalidwe ake. HDPE imatalika ikatenthedwa, pafupifupi mamilimita 0.2 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Paipi yakuda ya mamita 150 imene yakhala padzuwa masana, pofika m'bandakucha ikhoza kufupika ndi theka la mita kapena kuposa. Mukailumikiza ku valavu masana ili yotentha, usiku imadzikoka n'kusolola kapena kuthyola cholumikizira. Lumikizani m'mawa kusanatenthe, muisiye igone mokhotakhota pang'ono m'ngalande. Kuikoka nakonso n'nkhani. Mamita 150 ndi matani pafupifupi anayi, sizonyamula pamapewa. Imafuna mateyala ogudubuzira, osati kuikwekwesa pamiyala ndi thirakitala, chifukwa pokalika kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a khoma pamayenera kudulidwa, mfundo zimene mumathawa zija n'kubwereranso. Njira yanu ikakhala yokhotakhota, yodutsa misewu, mitsinje ndi minda ya anthu, mudzapezeka mukuiduladula paipi yomwe mwalipira ndalama zambiri kuti ikhale yaitali.

Mwina amene anakuuzaniyo amanena za mtundu wina, wa utomoni wamadzimadzi. Umenewu sasungunula timibulu. Amanyowetsa nsalu za ulusi wagalasi kapena wakaboni mu utomoni, n'kuzikulunga pa chikombole chozungulira. Zikauma ndi kutentha, chikombolecho amachifinya, paipi n'kusunthira kutsogolo, n'kuyamba kukulunga gawo lotsatira pamwamba pa mapeto a loyambalo. Chitsanzo chodziwika ndi InfinitPipe ya kampani ya QuakeWrap ya ku Tucson, Arizona, imene anaiyambitsa ndi Pulofesa Mo Ehsani. Nzeru yake ndi yabwino, makamaka pa mapaipi akuluakulu, poti imatuluka yopepuka ndiponso sichita dzimbiri. Koma pa ntchito yanuyi sindingakulimbikitseni. Kuuma kwa utomoni kumasinthasintha ndi kutentha komanso chinyezi cha tsikulo, utomoni wosagwiritsidwa ntchito umawonongeka pakapita miyezi yowerengeka, mwamsanga ndithu ukasungidwa potentha, ndipo wa polyester uli ndi fungo la styrene losafunika kulipuma, logwiranso moto. Mankhwala ake oumitsira a MEKP akakumana mwachindunji ndi a cobalt, ofulumizitsa kuumako, amatha kuphulika. Kuwonjezera apo, ngati ndi madzi akumwa, pafunika satifiketi yosonyeza kuti utomoniwo suika zoipa m'madzi, monga NSF/ANSI 61 kapena ina imene mwini ntchito amavomereza. Amisiri odziwa kuikonza ikabooka ndi ochepanso poyerekeza ndi a HDPE.

Chomwe ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi. Funsani mafakitale awiri kapena atatu mtengo wa paipi yofika pamalo, osati wa pageti pawo. Afunseninso ngati angapange ya mamita 18 m'malo mwa 12, ngati msewu ndi malamulo a malole akulola. Kokhako kumachotsa mfundo 250. Ngati pa ntchitoyo pali nthambi zing'onozing'ono, za mamilimita 110 kutsika m'munsi, zimenezo zimabwera zokulungidwa m'mikombero ya mamita 50 kapena 100, ndipo zina zowongoka zikhoza kulowetsedwa m'kati mwa zazikuluzo pa lole. Kenako funsani a makina oyenda nawo mtengo wa mita imodzi ya paipi yoyesedwa ndi kuvomerezedwa, zonse zili momwemo: kubwera, kumanga, dizilo, zotaya, kupasula ndi kubwerera. Muike mapepala awiriwo pamodzi. Ndikukayika ngati a makina angapambane pa matani 225, pokhapokha msewu wopita kumeneko utakhala woti lole yaitali singadutse, kapena mutadziwa kuti gawo lachiwiri la ntchitoyo, lalikulu kuposa ili, ndi lanunso.

Akapambana, mgwirizano ulembe poyera kuti timibulu ndi ta PE100 tosakanizidwa kale ndi kaboni kuchokera kwa wopanga wodziwika, gulu lililonse ndi satifiketi yake, ndiponso kuti pulasitiki yotoleredwa kwina isalowemo. Ulembenso kuti paipi isindikizidwe mita iliyonse tsiku, shifiti ndi nambala ya gulu, kuti pakapezeka vuto mudziwe poyambira ndi polekezera kukumba. Ndipo musanasaine chilichonse, pitani kwa injiniya wa mwini ntchito akuvomerezeni polemba kalata kuti paipi yopangira pamalo adzailandira, chifukwa makontirakiti ena amatchuliratu mafakitale ovomerezeka.