Kodi n'koyenera kupatsa munthu matenda dala pochita kafukufuku?

Wophunzira za unamwino wina watumiza funso pa imelo. Akuti anamva za dokotala amene anamwa majeremusi dala n'kulandira mphoto ya Nobel, chonsecho madokotala ena amene anapatsa anthu matenda amakumbukiridwa ngati zigawenga. Akufuna kudziwa kuti kusiyana kwake kuli pati, komanso ngati zoterezi zimachitika kuno kwathu.

Zikomo chifukwa cha funsoli. Dokotala amene mukunenayo ndi Barry Marshall wa ku Perth, ku Australia. Mu 1984 anamwa madzi okhala ndi jeremusi ya Helicobacter pylori, pofuna kusonyeza kuti imayambitsa matenda a m'mimba. Patapita masiku ochepa anayamba kusanza, ndipo atamuunika m'mimba anapeza kuti mwatupa. Anachira, ndipo mu 2005 iye ndi Robin Warren analandiradi Nobel. Koma Daniel Carrión, wophunzira udokotala ku Lima, ku Peru, naye anadzipatsa dala mu 1885 matenda a verruga, otulutsa zotupa pakhungu, ndipo anamwalira.

Kulimba mtima koteroko sindikukunyoza, koma umboni wake ndi wofooka. Munthu mmodzi alibe womuyerekeza naye, ndiponso ndi yemweyo amene akulakalaka kuti maganizo ake atsimikizike. Komanso matenda opatsirana satsalira mu labotale. Wodziyesayo madzulo amabwerera kwa mkazi ndi ana amene sanavomereze chilichonse. Ndiye pulofesa akamwa, wophunzira wake angakane bwanji?

Zigawengazo ndi izi. Ku Guatemala, kuyambira 1946 mpaka 1948, madokotala a boma la America anapatsa dala chindoko ndi chinzonono akaidi, asilikali ndi odwala misala, osawafunsa. Ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, sanapatse anthu matenda, koma anabisira amuna akuda pafupifupi 400 kuti ali ndi chindoko, n'kuwamana penisilini, mankhwala ochiza matendawa, ngakhale atayamba kupezeka. Malamulo a Nuremberg a mu 1947, okhudza kafukufuku pa anthu, akuti munthu avomere yekha mosakakamizidwa, koma onani kuti Tuskegee inapitirirabe zaka 25 malamulowo alipo kale.

Masiku ano kupatsa anthu matenda dala kumaloledwa, koma ndi zotchinga zambiri. Chitsanzo chabwino ndi kafukufuku wa katemera wa taifodi ku Oxford, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Ankatenga akuluakulu athanzi okha, atawayeza bwino. Amalandira katemera, kenako patatha mwezi amamwa soda wochepetsa asidi wa m'mimba, n'kumwa majeremusi owerengedwa oyambitsa taifodi, a Salmonella Typhi, a mtundu umene ofufuzawo ankadziwa kuti umamva mankhwala. Kwa masiku 14 ankayezedwa magazi tsiku ndi tsiku. Thupi likatentha kufika madigiri 38 kwa maola 12, kapena jeremusi ikapezeka m'magazi, mankhwala amayamba nthawi yomweyo. Amene sanadwale nawonso ankamwa mankhwala pa tsiku la 14. Katemera ameneyu ndi yemwe anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018 (anawo sanapatsidwe matenda, ankangowatsatira), ndipo Malawi inayamba kumupereka mu 2023.

Kuno kwathu zachitikanso. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre amadonthezera jeremusi yoyambitsa chibayo, pneumococcus, m'mphuno mwa akuluakulu odzipereka, n'kumatsuka mphunozo kuti aone ngati yakhazikika. Kafukufuku aliyense wa zaumoyo pa anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoteteza anthu otenga nawo mbali pa kafukufuku, monga COMREC kapena NHSRC.

Chimene ndimayang'ana poyamba ndi ichi: kodi mankhwala ochiza alipo, pomwepo, lero? N'chifukwa chake malungo ndi taifodi zimatheka, pomwe HIV, Ebola kapena chiwewe sizingatheke ngakhale munthu atachonderera. Kafukufuku wa COVID-19 wa ku London mu 2021, pa achinyamata 36, anautsa mkangano pa mfundo yomweyi, poti nthawi imeneyo mankhwala odalirika kunalibe.

Pamene zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pa ndalama. Kubwezera munthu ya thiransipoti ndi ya tsiku limene sanagwire ntchito n'koyenera. Koma ndalamayo ikakula, munthu wopanda ntchito samvanso za ngozi, ndipo ena amabisa matenda kapena mimba poopa kuchotsedwa pa mndandanda. Vuto lina n'lakuti anthu ambiri akaona yunifolomu amaganiza kuti akulandira chithandizo. Fomu yosainidwa siitsimikizira kuti munthu wamva. Inu mukadzayamba kulemba anthu, mufunseni abwereze m'mawu ake: apatsidwa chiyani, choopsa n'chiyani, aimbira ndani usiku thupi likatentha, ndipo akafuna kusiya atani. Pa funso lomalizali pali chinthu chimene ambiri saganizira: amene wamwa kale jeremusi ali ndi ufulu wosiya, koma ayenera kumalizabe mankhwala, chifukwa angadwale kwambiri kapena kupatsira a kunyumba.