Mafunso a pa Tebulo: Miyambo ya Dziko Lopeka ndi Mbiri za Atengambali

Makalata a mwezi uno akhudza kwambiri Dungeons & Dragons, masewero amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Kwa amene simunawaonepo: anthu anayi kapena asanu amazungulira tebulo, aliyense ndi mtengambali wake wolembedwa pa pepala. Mmodzi, wotchedwa DM (Dungeon Master, woyendetsa masewero), amafotokoza dziko lonse ndi kulankhulira anthu ena onse a m'nkhaniyo. Pamene sizikudziwika ngati chinthu chitheka, imagamula ndi dayisi ya mbali 20, imene osewera amangoti d20.

FUNSO: Akonzi, ndine DM wa gulu la anthu asanu. Ndatha milungu itatu ndikulemba miyambo ya ufumu wanga wa m'mapiri, moni, maliro, ukwati, zakudya zoletsedwa, masamba 12. Ndinawatumizira anzanga pa WhatsApp koma palibe anawerenga. Tsiku losewera analowa m'bwalo la mfumu malupanga ali m'chiuno ngati akulowa mu msika. Ndiwalange bwanji? Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Musawalange, achimwene, sanakulakwireni. Mwambo umene uli pa pepala lokha sunafike pa tebulo. Masamba 12 aja muwasunge, ndi nkhokwe yanu, koma kwa mtundu uliwonse wa anthu mutapemo miyambo itatu yokha. Pa mwambo uliwonse lembani mizere inayi: chimene munthu ayenera kuchita, amene amaona ngati wachita, chimene wosunga mwambo amapindula, ndi chimene wophwanya amalipira. Mwambo umene mwalephera kuulembera mizere iwiri yomalizayo uchotseni, chifukwa osewera alibe chogwirapo.

Titenge wa malupanga womwewo. Pa chipata cha bwalo ikanipo mtengo wa mkuyu, patsinde pake pakhale gogo wosaona amene amalandira zida. Aliyense akamupatsa lupanga, iye amalisisita ndi zala kuchokera ku chigwiriro mpaka ku nsonga, n'kumupatsa mkanda umodzi woti adzaombolere. Osewera akamafika aone msilikali wamkulu, zipsera thupi lonse, atagwada pamaso pa gogoyo. Mwawaonetsa wosunga mwambo. Kenaka aone wamalonda wina akugwidwa ndi kampeni kobisika m'nsapato, ndipo mfumu imutembenukire msana, mlandu wake usamvekenso mpaka mwezi utaoneka. Mwawaonetsa mtengo wake. Kachitatu ndiye kakhale kawo. Akalowabe ndi zida, ndiye kuti asankha okha, ndipo pamenepo nkhani yakoma.

Ambiri mwa ma DM atsopano amagwa m'mbuna imodzi: kutchera osewera msampha ndi chinthu chimene atengambali awo akanachidziwa. Ngati mtengambali anabadwira m'mapiri momwemo, muuzeni wosewerayo poyera kuti, "Iwe unakulira kuno, ukudziwa kuti pa bwalo salowa ndi chitsulo." Palibe kuponya dayisi. Mlendo yekha ndiye aponye dayisi pa luso la History (kudziwa mbiri) kapena Insight (kuzindikira anthu) pa DC 10, kutanthauza kuti dayisi ndi bonasi yake zifike 10. Ndipo chilango chitsegule njira. Kuwatsekera m'ndende kapena kuwapha kumathetsa masewero a tsikulo. Mfumu ikati alipe mbuzi zitatu, kapena aperekeze mwana wake kudutsa chigwa choopsa kuti mlandu ufafanizike, mwapeza ulendo wa masabata awiri osavutikira.

Chomaliza, m'mudzi uliwonse muikemo wina wodana ndi mwambowo. Mnyamata amene anakhalako ku tauni, mayi wamasiye amene mwambo unamupweteka. Mtundu umene anthu ake onse amaganiza chimodzimodzi sumveka ngati wa anthu.

FUNSO: Mnzathu wina walemba mbiri ya mtengambali wake masamba asanu ndi limodzi. Akuti anapha chinjoka, anatsogolera asilikali 500, ndiponso ndi mwana wa mfumu. Koma tonse tikuyamba pa level 1, mlingo wotsikitsitsa. Ndimuuze chiyani osamukhumudwitsa? Mtsikana wa ku Zomba.

YANKHO: Achemwali, muonetseni manambala. Fighter (wankhondo) wa pa level 1 amayamba ndi ma hit point (manambala a moyo wake) 10, kuwonjezerapo bonasi ya Constitution (kulimba kwa thupi), zonse pamodzi nthawi zambiri 12 kapena 13. Chinjoka chofiira chachikulu chili ndi oposa 250. Wopha chinjoka wathuyo angathe kugwetsedwa ndi ma goblin (tiadani tating'ono) awiri pa tsiku loyamba, ndipo amene adzachite manyazi ndi iye mwini. Mbiri imene nkhondo zazikulu zonse zinamenyedwa kale imamulanda wosewera chimene wabwerera pa tebulo.

Malamulo enieni amapempha zochepa. M'buku la osewera la 2014 muli ma background (moyo wakale wa mtengambali) 13, monga Acolyte, Criminal, Folk Hero, Noble ndi Soldier. Iliyonse imapereka maluso awiri, zida za ntchito kapena zilankhulo, katundu pang'ono, ndi mwayi umodzi wa pakati pa anthu. Folk Hero amabisidwa ndi kudyetsedwa ndi anthu wamba. Acolyte amalandiridwa m'makachisi a chipembedzo chake. Kenaka wosewera amasankha makhalidwe awiri, mfundo imodzi imene amaikhulupirira, chomangira chimodzi, kaya munthu kaya malo, ndi chofooka chimodzi. Buku la 2024 lili ndi ma background 16 ndipo linasintha zinthu: tsopano background ndiyo imakweza manambala a mphamvu, +2 ndi +1 kapena +1 katatu, n'kuperekanso feat (luso lapadera) imodzi yoyambira. Mwayi wa pakati pa anthu uja unachokamo. Ife tikuona kuti pamenepo panatayika chinthu chabwino, ndipo DM amene akugwiritsa ntchito buku latsopanoli angachite bwino kumufunsabe wosewera aliyense kuti, "Ndi khomo liti limakutsegukira iwe lokha?"

Mnzanuyo mupatseni theka la tsamba ndi mafunso asanu. Anakulera ndani? Unkadya chiyani usanagwire lupanga? Uli ndi ngongole kwa ndani? Ndani angasangalale utagwa? Chinakuchotsa kwanu n'chiyani? Mayankho akhale ndi anthu atatu amoyo amene DM angawalowetse m'nkhani. Zakale zija musazitaye, zichepetseni: anali wonyamula mikondo m'gulu la asilikali 500, anachiona chinjokacho chikuotcha mudzi, iye n'kuthawa. Munthu wothawa ali ndi chobwezera, ndipo chinjokacho mwachipeza kale choti adzakumane nacho pa level 12.

FUNSO: Bard wa m'gulu lathu, mtengambali woimba, amatukwana akuluakulu, kenaka n'kuponya dayisi ya Persuasion (luso lokopa anthu), ikagwa 19 amati mfumu iyenera kumumvera. Malamulo akumuikira kumbuyo? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Ayi. Wosewera saponya dayisi mwa kufuna kwake. Amanena chimene mtengambali akuchita, DM ndiye amaona ngati pakufunika kuponya, ndipo chosatheka sachiponyera. Ngakhale 20 sachititsa mfumu kupereka mpando wake.

Mwambo umalowa m'manambala motere. Bard wa Charisma (chikoka) 16 ali ndi +3, kuphatikiza +2 ya luso pa level 1, zonse +5. Pempho lapakatikati ndi DC 15, ndiye akufunika 10 kapena kuposa, mwayi wa 55 pa 100. Akabwera ndi mphatso, n'kulankhula kudzera mwa nduna monga mwambo ukunenera, mupatseni advantage, aponye madayisi awiri n'kutenga yaikulu: mwayi wakwera kufika pafupifupi 80 pa 100. Akatukwana, disadvantage, atenge yaing'ono: watsika kufika pa 30. Muuzeni zimenezi asanaponye. Akatukwananso, mfumu isanduke mdani, ndipo mdani ngakhale mutamugonjetsa ndi mawu, chachikulu chimene angachite ndi kukulolani kutuluka ndi moyo. Bard ameneyo adzayamba yekha kufunsa kuti, "Kuno amapereka moni bwanji?"

FUNSO: Osewera anga onse anayi alemba kuti ndi ana amasiye, mudzi unapsa, alibe mbale. Ndikawafunsa amati safuna DM adzawagwire ndi abale. Nditani? DM wa ku Chipata.

YANKHO: Mantha awowo ali ndi gwero. Ma DM ambiri akangomva kuti mtengambali ali ndi mlongo, sabata yotsatira mlongoyo wabedwa kapena waphedwa. Osewera anaphunzira kuti mbale ndi chingwe cha pakhosi. Ndiye yambani ndi lonjezo, pa mkumano woyamba uja wokambirana musanayambe kusewera, umene amautcha session zero: mbale aliyense adzathandiza kawiri asanapemphe kanthu kamodzi, ndipo palibe mbale adzafe mwini mtengambali asanavomere. Lonjezolo mulisunge. Azakhali akhale ndi bwato pa doko pamene gulu lathedwa nzeru. Msuweni akhale mlonda wa pa chipata cha mzinda.

Masewero ena anamangidwa pa ubale penipeni. Mu Pendragon, amene Greg Stafford anatulutsa mu 1985, chaka chilichonse cha m'nkhani chimatha ndi nyengo yozizira imene mtengambali amakwatira, amabereka, amayang'anira munda wake, ndipo akafa wosewera amapitiriza ndi mwana wake. Mungabwereke nzeru imeneyi popanda kusintha malamulo anu: pakatha ulendo uliwonse, patulani mphindi 15, aliyense anene chimene wapeza kwawo.

Apa ife tili ndi mwayi umene mabuku ochokera kunja satipatsa. Maufumu awo ambiri amangotengera Ulaya wakale, mpando kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna woyamba. Inu mukudziwa dongosolo lina, limene mpando umatsata kuchikazi, wolowa ufumu n'kukhala mwana wa mlongo wa mfumu, ndipo mawu a malume amalemera kuposa a bambo. Mukudziwa mkamwini wolima munda umene sudzakhala wake, ndiponso kusiyana kwa chikamwini, chitengwa ndi ukwati wa malowolo. Ikani mitundu iwiri yoyandikana m'dziko lanu, wina wotsata kuchikazi wina kuchimuna, mfumu ya uku ikwatire mlongo wa mfumu ya uko. Mwana wobadwa pamenepo angakhale wolowa mipando iwiri kapena wopanda mpando uliwonse, malinga ndi amene anakwatira mnzake. Mupatseni mmodzi wa osewera anu mtengambali ameneyo. Winanso akhale nkhoswe ya ukwati umene ukugwedezeka, woti banjalo likatha nkhondo iyamba. Amasiye aja musawakanize, koma afunseni: maliro a makolo ako anaika ndani? Adzukulu amene anakumba mandawo akadali moyo, ndipo pali chimene akudziwa.

FUNSO: Ndikufuna kuika Gule Wamkulu m'nkhani yathu, zilombo zikhale adani oti osewera amenyane nawo. Pali vuto? Wophunzira wa ku Blantyre.

YANKHO: Lilipo, ndipo tikukupemphani musatero. Gule Wamkulu si nthano yakale. Ndi mwambo wamoyo wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, umene UNESCO inauzindikira mu 2005, ndipo uli ndi eni ake ndi zinsinsi zake. Pa tebulo lanu pangakhale wolowa amene sangathe kukutsutsani popanda kuulula zosaululika, kapena wa mpingo amene nkhaniyo imusowetsa mtendere pa chifukwa china. Kusandutsa chilombo kukhala mdani wa ma hit point 40 woti akhapidwe n'kulandidwa katundu ndi chipongwe kwa anthu enieni.

Chimene chakukokani mungachipeze mwa njira ina. Pekani bungwe lanulanu la m'dziko lopekalo, ndi dzina lake, zovala zake ndi ntchito yake, mwina osunga zitsime kapena operekeza akufa pa mtsinje. Muyankhe mafunso atatu: amalowa ndani, wolowa amalumbira kubisa chiyani, ndipo mfumu imawaopa chifukwa chiyani? Mmodzi wa osewera akhale wolowa, muzimupatsira timapepala tachinsinsi pa tebulo anzake akuona. Kukayikirana kumene kudzabuke pamenepo kudzaposa nkhondo iliyonse.

Chimodzimodzi nkhani yonamizira okalamba ufiti, imene yaphetsa anthu enieni m'midzi yathu. Ifunseni pa session zero musanaiike. Gulu lililonse likhalenso ndi khadi lolembedwa X pakati pa tebulo, njira imene John Stavropoulos anayambitsa: aliyense akaligwira, DM amasiya chimene chikunenedwacho n'kupitirira, popanda kufunsa chifukwa.

FUNSO: Kwathu kuno d20 sapezeka. Tingasewere bwanji? Wowerenga wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Tengani makhadi wamba. Patulani khumi ofiira, kuyambira A mpaka 10, ndi khumi akuda chimodzimodzi. Ofiira ndi 1 mpaka 10, akuda muziwonjezera 10, ndiye 7 wakuda ndi 17. Khadi likatoledwa libwezeni n'kusakanizanso nthawi iliyonse, apo ayi osewera ayamba kuwerenga otsala ndipo mwayi usokonekera. Pa advantage tolani limodzi, bwezani, sakanizani, tolaninso. Makhadi omwewo akupatsani d4, d6, d8 ndi d10 mukangotenga ofiira okwana nambala imeneyo, ndipo pa d12 onjezani J ngati 11 ndi Q ngati 12.